Dimani Bwana, Maso Alibe Sipeya

Alamu anga amakhulupirira kuti palibe vuto pansi pano limene mankhwala ake sapezeka m'shopu ya masipeya. Galimoto ikatsokomola, kachipangizo. Mpando ukalira, kachipangizo. Tsiku lina mwana wawo atalakwa masamu ndidawaona akumuyang'anitsitsa pamutu, ndipo ndikhulupirira ankafufuza pomangira kanthu. Ndiye atayamba kudandaula kuti akamachokera ku Balaka usiku magetsi a anzawo akumawathobwa m'maso mpaka misozi, mlongo wanga sadayankhe. Adangonyamuka mwakachetechete kukasamutsa ndalama za fizi, kuzichotsa m'Baibulo n'kukazikwirira m'thumba la ufa.

Choyamba kufika pakhomo adali magalasi achikasu. Adawagula kwa mnyamata wina wa ku Limbe, uja woyenda ndi shopu yonse pakhosi, amene adawalumbirira kuti oyendetsa ndege savala ena koma omwewo. Alamu adawakonda moti sadawavule ngakhale pofika kunyumba. Atakhala pa tebulo n'kuvundukula mbale, nkhope idagwa.

"Mayi a ana, zafika pamenepa? Tayamba kudya nsima ya chimanga chachikasu cha chithandizo, ine ndili moyo?"

"Vulani ndege zanuzo mudye," adatero mlongo wanga.

Ine, monga munthu wowerengako pang'ono, ndidati ndiwathandize. Ndidawauza kuti mu 2019 akatswiri a maso a ku Harvard, mumzinda wa Boston, adaika anthu 22 pa makina oyerekeza kuyendetsa galimoto usiku, n'kumawasinthitsa magalasi, pena achikasu pena oyera. Achikasuwo sadathandize anthuwo kuona msanga munthu woyenda pansi. Nzeru yake njosavuta: galasi lililonse lamtundu limadyako kuwala, ndipo usiku kuwala n'kochepa kale. Kuli ngati kudula msonkho pa malipiro a mlonda.

"Mwati anthu angati?"

"22."

"Alamu, imeneyo ndi minibasi imodzi ya ku Ndirande. Mukufuna ndisiye magalasi anga chifukwa cha minibasi imodzi?"

Mfundo zina ukazimva umangopempha madzi akumwa.

Chikasu pachokha sichilakwa. Ku France lamulo linkafuna kuti magalimoto akhale ndi nyali zachikasu kuyambira m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1993, poganiza kuti kuwala kotero sikulasa maso ngati koyera. Koma Afalansa adaika chikasucho pa nyali, kuchitira chifundo maso a mnzawo wobwera kutsogolo. Alamu adachiika pamphuno pawo.

* * *

Amalume anga, amene adapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ayendetsa Corolla yawo zaka zoposa 20, ndipo usiku uliwonse wa zaka zimenezo ayendetsa ndi dzanja limodzi. Linalo ntchito yake n'kuphimba galasi loonera kumbuyo. Galimoto ikangowatsata ndi fulu, dzanja m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi. Anthu a m'mbali mwa msewu wa ku Dedza ankayesa akuwapatsa moni, ena mpaka ankabweza.

Tsiku lina mdzukulu wawo wa folomu 2, atakhala kutsogolo, adangotambasula chala n'kukankha kanthu kaja kali kunsi kwa galasilo. Magetsi a kumbuyo adasanduka timakandulo tiwiri.

"Iwe, wathyola chiyani?"

"Sindinathyole agogo. N'ka usiku kameneka."

"Ka usiku? Si popachika kolona pamenepa?"

Galasi limenelija si lofanana makulidwe. Mbali ina njochindikala, ina njopyapyala, ngati nkhwangwa. Masana umaona chithunzi chochokera ku siliva wa kuseri kwake. Ukakankha kanthu kaja, silivayo amaloza kudenga, iwe n'kutsala ndi chithunzi chozimiririka chochokera pamwamba pa galasi, kuwala kwake pafupifupi magawo 4 okha pa 100. Palibe batire, palibe waya, palibe ndalama. Mwina n'chifukwa chake palibe amakalabadira. Alamu anga akadakapeza m'shopu pa mtengo wa thumba la feteleza, bwenzi atagula tiwiri.

Amalume adakhala chete kuchokera pa Linthipe mpaka pa Nathenje. Kenako adati, "Ndiye dzanja ili ndizitani nalo?"

Magalimoto ena ali ndi galasi lodzidetsa lokha, la mtundu umene kampani ya Gentex ya ku Michigan idayamba kugulitsa mu 1987. Lili ndi kadiso komva kuwala, ndipo magetsi akachuluka kumbuyo limada popanda wolipempha. Amalume atakwera ina yotere adati galasilo adalilera bwino kwawo kuposa madalaivala ambiri a pa M1.

* * *

Wa kabaza wina cha ku Lunzu adaona nyali imodzi ikubwera, n'kuti mnzanga wa njinga yamoto uyu, tipatukirana pang'ono basi. Adazindikira ali chogona m'munda wa nandolo, mbali yotsala ya njingayo itamusisita ndi galasi la m'mbali. Dalaivala wa Probox adatsika chipewa kumanja.

"Pepani achimwene. Nyali zanga zimagwira ntchito mosinthana. Ya kumanjayi lero ili pa tchuthi."

* * *

Pa msewu usiku pali chilankhulo chimene saphunzitsa ku sukulu ya madalaivala. Kuphethira kamodzi ndiye kuti, "Dimani bwana." Kawiri, "Ndati dimani." Katatu, mawu ake sangalembedwe pa tsamba limene ana amawerenganso. Wa lole akayatsa indiketa ya kumanja mukamakumana, sikuti akukhota, akukuonetsani pamene pathera thupi lake kuti musamugunde phewa. Ameneyo ndi munthu woleredwa. Ndiye pali uja amadima mwaulemu akadali patali, n'kudzabwezera fulu mutatsala pang'ono kudutsana, ngati mlendo wotsazika bwino n'kuponda mwana potuluka.

Alamu, magalasi atawakanika (sadavomere, adangoti asowa), adaganiza zoti mfiti sathana nayo popempha, koma kukhwima. "Akandithobwa, ndiwathobwe." Babu la nyali zambiri zakale, lija amati H4, ndi la mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. Iwo adakagula a mawati 100. Mawaya a galimotoyo sadawapangire katundu wotero, koma waya salankhula, amangotentha.

Ulendo woyamba, atangofika pa Zalewa, mlongo wanga adati akumva fungo la chinthu chopserera.

"N'pa Zalewa pano, anthu akuotcha chimanga. Mumafuna mumve fungo la chiyani?"

Pofika ku Lirangwe fungo lija lidali likuwatsatabe, ndipo chimangacho chidali chitasanduka pulasitiki. Kenako phethi, mdima bii. Makilomita otsalawo adayenda ndi tochi ya foni, mlongo wanga atatulutsa mkono pawindo, uku akuunikira msewu, uku akutchula mokweza mtengo wa chilichonse chimene alamu adagulapo kuyambira tsiku la ukwati wawo. Akuti adafika ku Blantyre mndandanda usanathe.

Makaniko wathu, amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo ndi bokosi la masipanala, adalumikiza mawayawo n'kubwezera mababu oyenera. Koma adawagwira ndi zala zomwe ankadyera tchipisi. Babu la halojeni silifuna chala: mafuta akatsalira pa galasi lake, pamenepo pamatentha kuposa pena, ndipo silikhalitsa. Litapsa patatha masabata awiri, makaniko adapukusa mutu mwachisoni. "Bwana, mababu a masiku ano ndi a feki." Latsopanolo adalitulutsa m'bokosi ndi zala zomwe ankadyera kanyenya.

* * *

Kenako kudabwera LED, ndipo apa ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene pagona maso a ambiri a ife.

Kuseri kwa babu kuli mbale yonyezimira. Mbaleyo adaiumba kuti itole kuwala kochokera pa kawaya kamodzi, kokhala pamalo amodzi enieni, n'kukuponya pamsewu moweramira pansi, kupewa nkhope za anthu. Ukachotsa babu la kawaya n'kulowetsamo la LED, kuwala kumachokera pena, mbale n'kusokonezeka, n'kumangomwaza paliponse ngati mtsikana wowaza madzi pabwalo asanasese. Nyali zimene adazipangira LED kufakitale n'zina, zili ndi malire ake. Vuto lalikulu ndi izi zongolowetsa m'nyumba ya eni. Kuwonjezera apo kuwala kwake n'koyera mopita ku buluu, pa bokosi amalemba monyadira kuti 6000K, pamene halojeni amakhala cha m'ma 3200K, kofiirira ngati nyali ya parafini yopukuta bwino. Koyerako ndi kumene maso amadana nako usiku.

Mwini galimoto yekha ndiye amasangalala. Chikwangwani chilichonse chikunyezimira, mitengo ikuoneka mpaka zisa, kadzidzi akusowa pobisala. Msewu wokha ndi umene suoneka bwino, koma ndani amayang'ana msewu zinthu zikuwala chonchi? Usiku woyamba alamu atadutsa ndi ma LED awo ku Lunzu, akuti atambala adalira 9 koloko, ndipo gogo wina adatuluka ndi khasu paphewa.

"Mwaona alamu?" adandiuza mawa lake. "Tsopano pa msewu akundidziwa. Aliyense tikakumana akumandiphethira."

* * *

Chomaliza adagula ndi chimtanda cha magetsi choika padenga, chija amamanga pa magalimoto oyenda m'tchire. Ulendo umenewo ndidali nawo, tikuchokera ku maliro ku Ntcheu. Cha ku Phalula kutsogolo kudatulukira nyali ziwiri zowala ndithu. Alamu adaphethira. Sizidasinthe. Adaphethiranso. Zii.

"Ameneyu sakundidziwa," adatero, n'kudina batani la chimtanda chija.

Abale anga, munthu uja adali pa dimu. Chidali chilole cha katundu wa ku Beira, ndipo nyali za lole zimakhala m'mwamba kale, molingana ndi nkhope ya munthu wokhala mu Sienta ya alamu. Dalaivala wake, poona kuti kamwana kamuputa, adayatsa zonse zimene adali nazo: fulu, masipotilaiti a pa bampala, ena a padenga, mwina ndi tochi ya m'thumba yomwe. Ndidaika dzanja kumaso n'kuona mafupa ake onse ngati pa ekisireyi. Ndidaona ngongole zanga, ndi zimene ndidaiwala. Alamu adafuula kuitana amayi awo, amene adatisiya kalekale, ndipo mmene kudawalira ndidaganiza kuti ayankha.

Kuseka tidaseka mawa lake. Usikuwo, titaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti maso abwerere kwawo, ine ndinkachita masamu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Maso akachita khungu masekondi atatu okha, mwayenda mamita 66, kupitirira theka la bwalo la mpira, mukuyendetsa ndi chikhulupiriro chokha. Ndipo pa misewu yathu m'mamita 66 mumakwana zambiri: wa njinga wosenza matumba atatu a makala wopanda ngakhale kagalasi konyezimira kumbuyo, ngolo ya ng'ombe zakuda, mbuzi yogona pa phula lofunda, bambo wochokera kokacheza ndi anzake amene akuyeza msewu m'lifupi ndi mapazi, ndi lole yofa imene chenjezo lake ndi nthambi zitatu za mtengo.

Aphunzitsi a madalaivala amati ukathobwedwa usayang'ane nyalizo, uchepetse liwiro, maso aloze kumanzere pa mzere wa m'mphepete mwa msewu. Malangizo abwino kwambiri. Kungoti m'madera ena mzerewo udapita ndi mvula, pamodzi ndi mphepete yake yomwe.

* * *

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala enieni adapezeka kalekale. Mu 1937, chaka chimene Kamuzu ankamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry, munthu wina wa ku America komweko, Edwin Land, adayambitsa kampani ya Polaroid. Ambiri timaidziwira makamera, koma maloto ake oyamba adali pa nyali za galimoto. Adapanga pulasitiki yosefa kuwala, yolola kuwala kopendekera mbali imodzi yokha. Ganizo lake lidali lakuti sefayo iikidwe pa nyali zonse ndi pa magalasi onse akutsogolo, mopendekera mofanana. Kuwala kwa nyali zako uzikuona bwinobwino pamsewu, koma galimoto yobwera kutsogolo, poti yayang'ana kwa iwe, kupendekera kwake kwapingasa, ndiye nyali zake zizioneka ngati makala ozilala.

Zidayesedwa, zidatheka. Koma zinkafuna mababu amphamvu kuposa akale, poti sefa imadyako kuwala, ndipo zinkafuna kuti magalimoto onse akhale nazo. Woyamba kulipira sapindula kanthu mpaka mnzake atagulanso. Makampani a ku Detroit adangoyang'anizana ngati anthu a m'mudzi pa msonkhano wokonzetsa mjigo: aliyense akuvomereza ndi mutu, aliyense dzanja lili m'thumba, koma silikutuluka. Land adakapanga kamera yotulutsa chithunzi pompopompo, imene idayamba kugulitsidwa mu 1948, n'kulemera. Ife tidatsala ndi alamu.

N'chifukwa chake magalasi a dzuwa aja olembedwa kuti polarized amathandiza masana, pa phula lonyezimira kapena ku nyanja, koma usiku angokuwonjezerani mdima. Nyali za mnzanu zilibe sefa ija.

Masiku ano kuli nzeru ina. Mu 2013 Audi idatulutsa nyali zokhala ndi timababu tambiri, ndipo kamera ikaona galimoto kutsogolo, toloza kumeneko timazima tokha, tinato n'kumawalabe. Ku America adaziloleza mu 2022. Kuno zidzatipeza zikadzakalamba kwa eni ake, ndipo ndikuona kale makaniko wathu akuzitsegula ndi sikuludiraiva, tchipisi zili pa bonati.

* * *

Mnyamata wina wa m'dera lathu adamata tinti galimoto yonse, ndi galasi lakutsogolo lomwe, akuti magetsi asamamuvute. Sakumuvutadi. Akafika pa mphambano usiku amatsitsa windo n'kutulutsa mutu ngati nkhuku ya m'chitete. Mvula ikamagwa amangofunsa okwera: "Kumanzereko kukubwera chinthu?"

Mnzake ndi wa minibasi ina imene ndidakwera kupita ku Zomba. M'kati magetsi abuluu ngati malo a disiko, pa dashibodi kanema akuvina, foni ili pa chiwongolero ikuwala, dalaivala n'kumadandaula kuti usiku wa masiku ano ukuda kwambiri. Diso lili ndi khomo lake: kukawala pafupi limachepetsa khomolo msangamsanga, koma kuti lizolowerenso mdima limachita zengerezu. Ukadziwalitsira m'kati, kunja wadzidetsera wekha. Ine ndinkakonza mawu oti ndimufotokozere zimenezi mwaulemu, koma gogo wina wa mpando wachiwiri adandidula.

"Mwana wanga, zimitsa ovinawo. Ife talipira ya ku Zomba, ya kumwamba sitinakonzeke."

* * *

Pa Lizulu ndidakumana ndi wa Probox wina atapakira mbatatesi mpaka kudenga. Kumbuyo kwakhala pansi, mphuno m'mwamba ngati mwana wa abwana. Nyali zili pa dimu koma zikuunikira ndege. Munthuyo adali atatopa ndi kuphethiridwa kuchokera ku Dedza.

"Ndadima kale akulu! Akufuna ndizimitsiretu?"

Pafupi ndi chiwongolero, chakunsi, magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi kagudumu kolembedwa 0, 1, 2, 3, ena mpaka 5. Ukakhala wekha kazikhala pa 0. Ukasenza katundu kumbuyo, umakapukusa kupita ku manambala aakulu, nyali n'kuweramira pansi. Nditamuonetsa, adakapukusa, n'kutsika kukayang'ana, n'kukweranso, n'kukapukusanso.

"Ine ndimayesa ndi voliyumu ya masipika akumbuyo. Zaka zinayi ndikudabwa kuti bwanji sakukweza."

Ku Japan komweko tili ndi mwayi umodzi umene sitiuyamika. Nyali ya dimu sikhala yowongoka: mbali imodzi imakwera pang'ono kuti iunikire m'mphepete mwa msewu, kumene kuli oyenda pansi ndi zikwangwani. Kwa oyenda kumanzere, monga ife, Ajapani ndi Angelezi, imakwera kumanzere, choncho magalimoto akale a ku Japan amafika pa Songwe atadziwa kale mwambo. Koma Mngelezi akawoloka ndi galimoto yake kupita ku France, kumene amayenda kumanja, mbali yokwerayo imalasa anthu m'maso, ndiye amamata timapepala pa nyali. Msuweni wathu wa ku Leeds adangotchula zimenezi pa foni, alamu n'kuitanitsa timapepalato nthawi yomweyo, akuti n'ta ulendo wa ku Tete. Titawauza kuti ku Mozambique amayenda kumanzere ngati ife, adakhumudwa ndi dziko lonselo. Pano tili pa chitseko cha firiji.

* * *

M'galimoto iliyonse ya kuno muli kansanza kamodzi. N'komwe timapukutira ndodo yoyezera oyilo, n'komwe timapukutira nsapato pofika ku ukwati, thukuta la pakhosi mu Okutobala, ndipo usiku galasi likachita nthunzi, n'komwekonso. Ndiye nyali iliyonse yobwera kutsogolo imamera michira ngati nyenyezi ya pa khadi la Khirisimasi, ife n'kumatukwana mwini wake. Kuthobwa kwina kumene timanamizira anzathu kumakhala pa galasi lathu lomwe: m'kati mafuta a zala ndi utsi, kunja timizere tokandika ndi mawaipa otha amene timawakakamiza kupukuta fumbi louma popanda madzi. Mankhwala ake ndi madzi, viniga pang'ono, nsalu yoyera, ndi nyuzipepala youma pomalizira. Choncho ngati tsamba lino silinakuseketseni, musalitaye.

Nyali nazo zimachita ng'ala. Za masiku ano n'zapulasitiki, dzuwa limaziwamba mpaka chikasu, kuwala n'kumabalalika m'malo molunjika. Anyamata otsuka magalimoto amazikwecha ndi mankhwala otsukira mano, ndipo zimayeradi, kwa miyezi ingapo. Alamu atamva, banja lonse lidatsuka mano ndi mchere sabata yathunthu, koma Sienta inkamwetulira.

* * *

Amalume aja, za kumbuyo zitatheka, adayamba kudandaula za kutsogolo. Aliyense ali pa fulu. Njinga ili pa fulu. Kandulo ya pa okala ili pa fulu. Usiku wina adaphethira mwezi ukutuluka kuseri kwa phiri la Dedza, n'kuuuza mawu amene mphunzitsi wopuma sayenera kuwadziwa. Alamu adawabwereka magalasi achikasu aja, amene adapezeka mwadzidzidzi. Mwezi udangosanduka dzira lokazinga, koma kudima ayi.

Ana adawatengera ku chipatala cha maso ku Nkhoma, ndipo adokotala adapeza ng'ala m'maso onse awiri. Kagalasi ka m'kati mwa diso kakachita mtambo, kuwala kumamwazika m'menemo monga kuchitira pa galasi lakuda la galimoto, ndipo ambiri amayamba kuzindikirira pomwepa, kuthobwa usiku ndi kuona nyali zitavala nkhata. Opaleshoni yake siitenga ngakhale ola: amachotsa kagalasi kakale n'kuikamo kapulasitiki. Ndiye kuti pa mutu wa nkhani ino ndanama pang'ono. Kagawo kamodzi ka diso kali ndi sipeya, kungoti sagulitsa ku Limbe.

Atawamasula bandeji, amalume adayang'ana akazi awo nthawi yaitali.

"Mayi, mwakalamba liti?"

Tsiku limenelo adagona ndi njala, akuona bwinobwino mbale zopanda kanthu. Loweruka lotsatira adapita kukalapa. Akuti adauza bambo mfumu kuti kwa zaka zitatu akhala akutukwana magalimoto osalakwa kuyambira pa Dedza mpaka pa Lilongwe, ndi mwezi womwe.

* * *

Pofika apa mwaona nokha kuti wanzeru m'banja lathu ndine. Magalasi achikasu sindinagulepo, ndimadima ndikadali kutali, kagudumu ndimakadziwa, galasi ndimapukuta ndi nkhani zanga zomwe. N'chifukwa chake zinkandiwawa kuti kwa miyezi ingapo aliyense wokumana nane usiku ankandiphethira. Ndinkangoti dziko laipa, anthu sasiyanitsanso dimu ndi fulu, onsewa akufunika ku Nkhoma.

Sabata yatha ndidati ndidzitsimikizire kuti olakwa ndi iwowo. Njira yake njapafupi. Umaimika galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera ku khoma, n'kuyatsa dimu. Pa nyali zambiri adalembapo 1% kapena kuposerapo pang'ono, kutanthauza kuti pa mamita 10 malire a kuwala atsike ndi masentimita 10 kuchokera pa msinkhu wa nyaliyo. Ndidaimika moyang'ana mpanda wa kwathu, ndidayatsa. Ya kumanzere idagwa pakhoma pamalo ake ngati mwana womvera. Ya kumanja pakhomapo padalibe. Ndidaifuna pansi, ndidaifuna pa geti. Ndidakaipeza mu mtengo wa mango wa aneba, kunsonga kwenikweni, ikuwerenga zipatso. M'pamene ndidakumbukira dzenje lija ndidagweramo dzinja latha, ndi kaphokoso kamene ndidamva n'kukweza wailesi.

Ndili chiimire, mlonda wa aneba adafika, manja kumbuyo.

"Bwana, mukufuna kukonzetsa?"

"Mawa lomwe, madala."

Adakanda m'mutu, n'kuyang'ana m'mwamba mu mtengo muja.

"Mukadadikirako pang'ono, bwana. Mukamafika madzulo m'pamene timaona akupsa. Atsala masabata awiri okha kuti athe."